Mkamwini Wogwada Patali

Abale anga, moni nonse. Inu amene mwakhala pabenchi yakumbuyo pafupi ndi zenera, musavutike kubisa nkhope. Ndikudziwa chimene mwasankhira malowo. Lero ndi Lamlungu, dzulo linali Loweruka, ndipo kamphepo ka pazenera kamathandiza. Benchi imeneyo inali yanga zaka zambiri.

Dzina langa ndine Yotamu, koma pano pa Kabwata ambiri mumandidziwa kuti atate a Tamala, wokonza mafiriji uja. Makolo anga anachokera ku Katete, ine ndinabadwira mu Lusaka mommuno. Ndabwera kudzakuuzani za matsire, amene kuno timati babalaza, ndi zimene ndinawachita apongozi anga chifukwa cha iwo. Ndi nkhani yochititsa manyazi. Ndikaima pakati, mundidikire.

Mowa ndinauyambira pantchito. Ukakonza firiji ku Woodlands kapena ku Kabulonga, mwini nyumba amaikamo mabotolo awiri kuti tione ngati ikuziziradi, ndipo limodzi limakhala lako. Ine ndinkakonza mafiriji atatu patsiku. Potuluka pageti lachitatu, miyendo inkadziwa yokha njira ya kubala. Lachisanu linabala Lachinayi, Lachinayi linabala Lachitatu, mpaka sabata yonse inangokhala tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero akuluakulu, koma sananene kuti mtolowo ungakhalenso wa zonyansa.

Kenako anabwera matsire. Mutu kugunda, kukamwa kuuma, kuwala kwa dzuwa kukulasa m'maso, fungo la mafuta ophikira lokha kukutembenuza m'mimba. Anzanga anandiuza kuti zimenezo n'zazing'ono, matsire amachotsa ndi mowa womwewo. Kabotolo kamodzi m'mawa, amati n'kukonza mutu. Ndinayesa, ndipo zoonadi mutu unaleka kugunda, manja analeka kunjenjemera. Pamenepo ndi pamene ndinagwera m'dzenje. Mowa wamadzulo ndinkaudziwa kuti ndi mowa, koma wam'mawa ndinkautcha mankhwala.

Ndinafika pokhala dokotala wa babalaza pamsika ponse. Wina akabwera atagwira mutu, ndinkamulembera: msuzi wa vimbombo, ziboda za ng'ombe zija, wothira tsabola wambiri, tiyi wakuda wopanda shuga, dzira laliwisi, madzi a mandimu, pamwamba pake kabotolo kaja. Mukuseka? Ena mwa inu ndinakulemberanipo, ndipo ndikupepesa.

Tsono mumve za ukamwini wanga. Kwathu mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Ukawaona umapatuka, umagwada patali, maso pansi, mawu pang'onopang'ono. Sumadya nawo mbale imodzi, sumawagwira dzanja, ndipo iwonso dzina lako salitchula. M'tauni muno ambiri anazisiya zimenezi, koma ine ndinazigwira zolimba. Apongozi akabwera kudzationa, ndinkagwada pakhomo pakhitchini iwo ali pabalaza. Tikapita kumudzi, ndinkagwadira kuseri kwa nkhokwe. Mudzi wonse unkandiyamika. Ankati mwana wa a Mbewe, Esnati, anapeza mwamuna waulemu, wobadwira ku Lusaka koma mwambo ali nawo. Ulemu wanji? Ndinkagwada patali kuti asamve fungo, ndipo maso ndinkaika pansi chifukwa anali ofiira ngati a mphaka wakugwa m'phulusa lamoto. Mwambo wa makolo ndinausandutsa chobisalira.

Amake Tamala, mkazi wangayo, ankadziwa zonse. Analankhula mpaka pakamwa panauma. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinkati akundisokosera mutu ukundiwawa kale.

Ndiye apongozi anadwala maso. Ng'ala inaphimba maso onse awiri, moti ankangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Nthawi yomweyo amuna awo, a Mbewe, anali chigonere ndi matenda a mtima, thupi likutha. Apongozi ankangonena chinthu chimodzi, kuti akufuna kuona kuti awasamale bwino amuna awo, aziwapatsa okha phala osawathira pachibwano. Mkazi wanga anayendayenda mpaka anapeza malo pachipatala china cha maso kuno, kumene kunkabwera madokotala achilendo kawiri pachaka. Anatiuza mosapsatira kuti wodwala afike Lolemba isanakwane 2 koloko masana kuti amuyeze, opaleshoni Lachiwiri. Akachedwa, malo ake apatsa wina, chifukwa odikira ndi ambiri.

Apongozi anakana kubwera msanga, sankafuna kusiya a Mbewe masiku ambiri. Tinapangana kuti alamu anga awakweze basi yoyamba ku Katete Lolemba mbandakucha, mkazi wanga akagwire mzere kuchipatala, ine ndikawatenge pasiteshoni ya mabasi ya Intercity masana. Ntchito yanga inali imeneyo yokha. Kutenga mayi wosaona pabasi n'kumufikitsa kwa mwana wake.

Lamlungu lake ndinamwa. Sindikuuzani kuti panali chifukwa, panalibe. Lolemba ndinadzuka mochedwa, mutu ngati wina akukhomamo misomali. Ndinadziuza kuti lero lokha sindikonza mutu, ndipirira. Ndinasamba, ndinatafuna chingamu, ndinakwera minibasi. Pofika pa Intercity thukuta linali chuchuchu, manja akunjenjemera moti ndinawabisa m'thumba.

Basi inafika 12 koloko itangopitirira. Mukudziwa mmene pamakhalira paja, onyamula katundu akulimbirana zikwama, oitanira akukukoka malaya, utsi wa mabasi. Kondakitala anawatsitsa apongozi atawagwira mkono, n'kufunsa kuti mwini wa gogoyu ndani. Ndinagwada pakonkire pomwepo, patali monga mwa masiku onse, n'kupereka moni. Anazindikira mawu anga, nkhope yawo inamasuka. Kenako anatambasula dzanja m'malere n'kunena kuti lero mwambo upepese, akamwini awagwire, chifukwa sakuona poponda.

Abale, chinthu chimenechi sindinachiganizire n'komwe. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali ndisanawayandikirepo. Ndinayang'ana dzanja lawo lili m'malere, ndinayang'ana langa likunjenjemera, ndinamva fungo langa lomwe likutuluka m'thukuta. Ndinachita mantha kuti akangondigwira adziwa zonse, ndipo mbiri ya mkamwini waulemu ithera pompo. Ndinapempha kondakitala kuti awakhazike pachikwama chawo m'mbali mwa chipupa, pafupi ndi amayi ena ogulitsa nthochi. Ndili patali ndinati, "Amayi, dikirani pompano, ndikasake takisi. Musachoke."

Anayankha kuti, "Pitani bwino, atate a Tamala. Ndili pompano."

Matakisi anali pageti pomwepo, mzere wathunthu. Ndinawadutsa. Ndinati kabotolo kamodzi kokha kuti manja aime, kenako mtedza wokazinga wophera fungo, mphindi khumi ndabwera. Ndinalowa m'kanyumba kena kogulitsira mowa cha ku Kamwala. Kabotolo koyamba kanatsika m'mimba mopanda kanthu. Kachiwiri ndinati n'kolimbitsa mtima. Foni inalira, mkazi wanga, ndinati ndiyankha ndikatuluka. Inaliranso, ndinaizimitsa. Zotsatira sindikuzidziwa. Ndinadzidzimuka mwini malo akundigwedeza phewa, mutu wanga uli pakreti, dzuwa litapendeka. Nthawi inali itadutsa 4 koloko.

Ndinathamanga. Inde, munthu woledzera amathamanga akaona mlandu. Ndinawapeza pamalo omwe aja, pachikwama chomwe chija, manja ali pamaondo. Dzuwa linali litazungulira chipupa n'kuwapeza, milomo yawo itauma mbee. Pambali pawo panali mkazi wanga, atachoka pamzere kudzawasaka. Sanandiyang'ane.

Amene anandilankhula ndi amayi ogulitsa nthochi aja, mayi wa Chibemba wamawu aakulu. Anaimirira n'kundiloza pamaso pa anthu onse. "Ndimwe ba tate ba Tamala? Ndimwe munasiya ba mbuya apa? Simumvela nsoni imwe?"

Ndipo anafotokoza, mokweza kuti aliyense amve. Anati anawapempha apongozi kuti asunthire pamthunzi, anakana, ati akamwini anati ndisachoke. Anawapatsa madzi, anakana, ati ndikamwa ndifuna kuchimbudzi, ndiye akamwini akabwera sandipeza, avutika kundisaka. Anawafunsa dzina la mkamwiniyo kuti alengeze pachimkuzamawu, anati dzina la mkamwini satchula, ndi atate a Tamala basi. Nambala imene anamanga pakona ya chitenje inali yanga, ndipo mayiyo anaiimba kasanu ndi foni yake. Maola anayi, abale. Ine ndikumwa kuti ndichize mutu wanga, iwo akukana madzi kuti ine ndisavutike.

Ndinagwada. Ndinkayembekeza kuti apongozi andikalipira, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Iwo anangotembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga n'kufunsa ngati ndabwera bwino, ngati sindinagundidwe ndi galimoto, chifukwa ankada nkhawa.

M'mawa mwake mkazi wanga anapita kukachonderera kuchipatala. Malo anali atapatsidwa kwa wina, monga anatichenjezera. Anatipatsa tsiku lina, mvula ikatha. Apongozi anabwerera ku Katete ali osaona monga anabwerera.

Mwina mukuganiza kuti ndinasiya tsiku lomwelo. Ayi. Ndanena kuti sindibisa. Ndinamwa miyezi ina iwiri, kuposa kale, chifukwa ndikakhala bwinobwino ndinkaona dzanja lija lili m'malere. Mkazi wanga anasiya kundikalipira, ankangondiikira chakudya patebulo n'kutuluka.

Mvula ili pakati, a Mbewe anamwalira. Tinapita kumaliro. Monga mkamwini ndinali pantchito, kuwaza nkhuni, kunyamula mabenchi, ndipo pa nthawi yoona nkhope ine ndi amene ndinagwira chivindikiro cha bokosi. Anthu anadutsa mmodzimmodzi. Pomaliza anabwera nawo apongozi, amayi awiri atawagwira uku ndi uku. Anafika pabokosi, anawerama ngati akuyang'ana, kenako anatambasula manja. Anayamba pachipumi, anatsika m'masaya, pamphuno, pachibwano, pang'onopang'ono ngati akuwerenga. Ndinali pafupi moti ndinamva zimene ananong'ona.

"A Mbewe, ndimafuna ndikuoneni kamodzi kokha."

Sananene zambiri. Sanatchule Intercity, sanatchule ine. Koma pamaliro ponsepo amene ankadziwa chifukwa chimene mayiyu akuonera mwamuna wake ndi zala tinali atatu, iwo, mkazi wanga ndi ine. Chivindikiro chinkagwedezeka m'manja mwanga, ndipo anthu ankaganiza kuti ndi chisoni. Anali matsire. Ngakhale pamaliro amenewo ndinali ndi matsire. Mlandu suola, abale, ndipo wanga unandipeza nditagwira bokosi.

Titachoka kumanda, adzukulu okumba manda anandipatsa chikho cha mowa kuti nditsukuluze kukhosi. Ndinachilandira, ndinachiyang'ana, n'kuchibweza. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kubweza chikho.

Titabwerera ku Lusaka ndinapita kukiliniki, ndipo apa mumvetsere inu a kumbuyo. Ndinamuuza dokotala zonse, osachepetsa mabotolo monga timachitira. Anandifunsa ngati manja amanjenjemera m'mawa ndisanamwe. Nditavomera, anati munthu wofika pamenepo asamasiye yekha mwadzidzidzi kunyumba, chifukwa thupi likhoza kukugwetsa ngati wakhunyu, ena amaona zinthu zomwe palibe, ena amafa kumene. Anandipatsa mankhwala a masiku angapo, ankandiona pafupipafupi, n'kuuza mkazi wanga zizindikiro zoti akaziona athamange nane. Sabata yoyamba inali yowawa. Sindinkagona, ndinkatuluka thukuta mpaka kunyowetsa mapilo, ndinkakwiya ndi chilichonse. Koma inadutsa.

Ndinamufunsanso za mankhwala anga aja, vimbombo ndi dzira laliwisi. Anaseka. Anati msuzi ndi chakudya chabwino, umabwezera madzi ndi mchere m'thupi, koma suchotsa mowa m'magazi. Tiyi wakuda kapena khofi amangokudzutsa, umakhala woledzera wotsegula maso. Kusamba madzi ozizira n'chimodzimodzi. Chimene chimachotsa mowa ndi chiwindi chako, ndipo chiwindi sachifulumizitsa, chimafuna nthawi. Za kabotolo kam'mawa anati sikachiza kanthu, kamangokankhira matsire kutsogolo n'kuwonjezapo ena, ndipo ndi njira yachidule yopita kumene ndinafika ine.

Choncho mnzanga, ngati lero wadzuka nawo, ndikuuza zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Imwa madzi, pang'onopang'ono, tsiku lonse. Ngati wasanza, sungunula kapaketi ka madzi amchere ndi shuga kaja timapatsa ana otsegula m'mimba, sikasankha msinkhu. Idya chopepuka, phala, buledi, nthochi, ngakhale mtima ukukana. Gona. Mapiritsi a mutu usamangokumbira, ena amalimbana ndi chiwindi chimene chatopa kale, ena amakanda m'mimba, funsa kaye kwa odziwa. Usayendetse galimoto, usakwere pamakwerero, usagwire mawaya a magetsi, chifukwa mowa wadzulo ukhoza kukhala udakali m'magazi ngakhale iwe ukudziona ngati uli bwino. Ukaona ukusanza magazi kapena kusanza kosalekeza, kapena mnzako sakudzuka ukamugwedeza, imeneyo si babalaza yoseka nayo, thamangirani kuchipatala. Ndipo chachikulu, ngati pali munthu amene akukudalira tsiku limenelo, imba foni unene zoona. Ndikanangomuimbira mkazi wanga m'mawa uja n'kunena kuti amake Tamala, ndalakwa, sindili bwino, tumani wina, akanandinyoza sabata imodzi, koma amayi ake akanaona. Chinandiwononga si mutu wowawa, ndi kubisa.

Ena mwa inu simunakonzeke kusiya, ndikudziwa, ndipo sindikunamizani kuti mutuluka muno mutasintha. Ngati mumwabe, musamwe m'mimba mulibe kanthu. Botolo lililonse lizitsatiridwa ndi kapu ya madzi. Muike malire musanayambe, ndipo muuze mnzanu amene angakuletseni, osati uja wokuonjezerani. Za kugulirana mozungulira zija muzipewe, chifukwa liwiro limakhala la chidakwa chachikulu pagululo. Ndipo mawa lake likakhala ndi ntchito yoti munthu wina akuyembekezerani, musalawe n'komwe. Koma ine ndinayesa zonsezi kale ndipo malire anga ankasuntha okha. Kwa ine njira yopewera matsire inatsala imodzi, kusagwira botolo loyamba. Ngakhale mwini firiji aumirire bwanji, ndimamuuza kuti aikemo botolo la madzi, tiyesere limenelo. Ena amaseka, ena anasiya kundiitana, ndipo sindinafe nazo. Pobwera kuntchito ndinasintha potsikira minibasi kuti ndisadutse pabala paja. Lamlungu lililonse ndimabwera pano.

Mvula itatha, tsiku lija linakwana. Ndinapita ndekha ku Katete kukawatenga apongozi, masiku awiri tsikulo lisanafike. Ndinawagwira dzanja kuchokera pakhomo mpaka m'basi, kuchokera m'basi mpaka kunyumba. Dzanja langa silinanjenjemere. Madokotala anawachita opaleshoni diso limodzi kaye, ndipo m'mawa mwake anawamasula bandeji. Anaona mwana wawo, analira. Anaona Tamala, anati wakula ngati amake.

Titafika kunyumba ndinagwada pamalo anga akale, pakhomo pakhitchini. Anati ndibwere pafupi. Ndinasendera pang'ono. Anati pafupi ndithu, ndipo ndidzutse nkhope. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali ndi diso lawo latsopanolo, n'kunena kuti maso anga ayera. Kenako anati, "Atate a Tamala, ng'ala inali m'maso, sinali m'mphuno. Ndinkamva kuyambira chaka chimene munakwatira mwana wanga. Pa Intercity paja ndinatambasula dzanja ndikudziwa. Mukanangondigwira."

Abale, zaka zonse zija ndinkabisa chinthu chimene ankachidziwa kale. Ndinawasiya padzuwa kuti nditeteze chinsinsi chomwe panalibe.

Ndinkaganiza kuti chowawa chathera pamenepo. Koma anatembenukira kwa mkazi wanga n'kufunsa ngati pali chithunzi cha a Mbewe cha masiku omaliza. Chinalipo chimodzi m'foni yanga, chimene alamu anajambula Khirisimasi, a Mbewe atakhala pampando pakhonde atafunda bulangete. Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anachiyandikiza kudiso, anachitalikitsa, anachiyandikizanso. Anapitisa chala pagalasi monga anachitira pabokosi paja.

"Anaonda chonchi? Bwanji simunandiuze?"

Anandikhululukira, ananena okha pamaso pa mwana wawo, ndipo tsopano akabwera timadyera patebulo limodzi. Koma diso anawatsegula patapita miyezi itatu a Mbewe atamwalira, ndipo amene analichedwetsa ndi ine, ndi kabotolo kamodzi kokonza mutu. Zimenezo kusiya mowa sikunazibweze.

Tsopano papita zaka zitatu ndisanadzuke ndi matsire. Inu a pazenera, sindikufunsani kuti dzulo munali kuti. Fungo talimva kale tonse, ndipo palibe wathawa. Chigubu cha madzi chili kutsogolo kuno, makapu ndi awa. Bwerani pafupi.